Musanatumize ya malata, onani dzina lili pa pepala la malo

Amayi,

Kalata yanu ndaiwerenga. Mukuti muli pa ntchito ku Johannesburg ndipo mwakhala mukutumiza ndalama kwa alongo anu kuti akumangireni nyumba chakunja kwa tauni ya Chipata. Mmisiri analandira ndalama zofikitsa nyumba pa denga, koma khoma laima pa mawindo. Mutafunsa za mapepala a malo, alongo anu anati analembetsa dzina lawo kuti zinthu zifulumire. Funso lanu ndi lakuti mungakamnenere mmisiriyo kupolisi kapena ayi.

Za mmisiri ndiyankha, koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi dzinalo. Pa malamulo, chomangidwa pa malo chimatsata malowo. Ngati pepala lili m'dzina la alongo anu, thumba lililonse la simenti limene mwagula lapita pa katundu amene boma likudziwa kuti ndi wawo. Angathe kukatengera ngongole kapena kugulitsa. Ngakhale atakhala munthu wokhulupirika, tsiku limene adzamwalire nyumbayo idzawerengedwa pa chuma chawo chamasiye, ndipo inu mudzayamba kulimbana ndi alamu anu ndi ana awo. Khoti lingathe kugamula kuti iwo anangokusungirani chifukwa ndalama zinali zanu, koma umenewo ndi mlandu wautali wofuna umboni wolimba. Choncho imitsani kaye kutumiza ndalama.

Uzani alongo anu akujambulireni pepalalo pa foni, tsamba lililonse. Lamulo la malo la 1995 limati malo onse m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo alipo a mitundu iwiri: a boma, amene munthu amapatsidwa kwa zaka zosapitirira 99 ndi kulandira taitolo, ndi a mafumu. Ngati ili taitolo, loya kapena munthu aliyense angakafufuze ku Unduna wa Malo kuti aone dzina la mwini ndiponso ngati malowo ali pa chikole. Pomwepo mungalembetse caveat, chiletso chimene chimaimitsa kugulitsa kapena kusintha dzina inu musanamvedwe. Kenako alongo anu asainire kusamutsa malowo kupita m'dzina lanu. Pamafunika chilolezo cha boma, ndipo nkhani ya msonkho imayenera kudutsa ku ZRA, bungwe la boma lotolera misonkho.

Koma mapuloti ambiri a m'mphepete mwa Chipata ali pa malo a mafumu, ndipo chimene anthu amachitcha "mapepala" nthawi zambiri ndi kalata ya anyakwawa yolembedwa pa tsamba la kope, ndi chidindo pansi. Imeneyo si taitolo. Kuti malo otere asanduke a taitolo pamafunika chivomerezo cha amfumu a dera, osati anyakwawa okha, kenako khonsolo, kenako Commissioner of Lands, mkulu wa boma woona za malo. Ngati ndi momwemo, nkhani yanu ingapepuke: alongo anu apite ndi mboni za banja kwa anyakwawa ndi kwa amfumu kukanena kuti malowo ndi anu, kalata ilembedwenso m'dzina lanu, ndipo pempho la taitolo liyambire pa dzina limenelo. Ngati munatenga unzika wa South Africa mundiuze, popeza lamulo limachepetsa ufulu wa osakhala nzika pa malo, ngakhale kuyambira 2016 unzika wa maiko awiri ndi wololedwa.

Ndikudziwa kuti kuwapempha alongo anu zimenezi kukulemerani, chifukwa kwathu kuno kufunsa pepala kwa mbale kumamveka ngati kumuyesa wakuba. Chibale ndi fupa, sichiola, koma ndaona maanja ambiri akusiya kuyenderana chifukwa cha nyumba imene inamangidwa pa mawu apakamwa. Auzeni kuti mukuteteza ana anu ndi awo omwe. Pamene zosintha dzina zikuyenda, asaine kakalata pamaso pa mboni ziwiri kovomera kuti malo anagulidwa ndi ndalama zanu ndipo akungokusungirani. Akakana kusaina kakalata kameneka, mwadziwa pamene mwaima, ndipo caveat ija isachedwe ngati malowo ali a taitolo.

Tsopano mmisiri. Kulandira ndalama n'kusiya ntchito pakati ndi kuphwanya pangano, ndipo apolisi sali otolera ngongole. Zimakhala zaupandu pokhapokha pali umboni wakuti munthu ananama dala kuti atenge ndalama, kapena anapatsidwa ndalama za chinthu chodziwika, monga malata, n'kuzidya. Ndipo musanaloze mmisiri chala, tsimikizani kuti ndalamazo zinafikadi m'manja mwake zonse. Inu munatumiza kwa alongo anu. Zimene iye analandira ndi nkhani ina. Pezani injiniya kapena mmisiri wina wosadziwana ndi onse awiri, akayeze ntchito yachitika, awerenge mabuloko ndi zitsulo zotsala pamalopo, alembe mtengo wake. Mukaona kusiyana, loya alembe kalata yomupatsa masiku oti amalize kapena abweze. Akalephera, mlandu umapita kwa majisitireti kapena ku khoti lalikulu malinga ndi kukula kwa ndalama. Nthawi yosumira pa pangano ndi zaka 6. Pangano lapakamwa limagwira ntchito, koma kulitsimikiza n'kovuta, choncho musafufute uthenga uliwonse wa pa WhatsApp, malisiti a banki ndi mauthenga a Airtel Money kapena MTN. Lamulo la 2021 la mauthenga a pa makina limalola zimenezi kukhala umboni.

Pomangitsa zotsalazo, munthu mmodzi asagwire zonse. Wosunga ndalama akhale wina, woona ntchito akhale wina. Simenti ndi malata lipirani molunjika ku sitolo, risiti ituluke m'dzina lanu. Pangano ndi mmisiri lilembedwe: ntchito yake, mtengo, tsiku lomaliza, wogula zipangizo ndani, ndipo malipiro azituluka gawo likatha ndi kuonedwa, monga lintala, denga, pulasitala, mawaya. Sungani 5 kapena 10 peresenti ya malipirowo mpaka nyumba idutse dzinja limodzi, chifukwa denga lodontha ndi khoma long'aluka sizioneka mu Ogasiti. Zithunzi zokha musazikhulupirire. Itanani pa vidiyo, woonayo ayambire pa msewu, aonetse mabikoni a malire, alowe chipinda ndi chipinda. Mukalemba kampani, funsani satifiketi yake ya National Council for Construction, bungwe lolembetsa makampani a zomangamanga. Funsaninso ngati pulani ya nyumba inavomerezedwa ndi khonsolo, chifukwa pansi pa lamulo la mapulani la 2015 nyumba yomangidwa popanda chilolezo pamene chikufunika ingaimitsidwe kapena kugwetsedwa.

Popeza simungabwere pa chilichonse, mufunika power of attorney, chikalata chopatsa munthu mphamvu yokusainirani. Isakhale yotseguka. Itchule puloti, itchule zochita, monga kupereka mapulani ku khonsolo ndi kufunsira magetsi ku ZESCO ndi madzi ku Eastern Water, inene momveka kuti siilola kugulitsa kapena kuika malo pa chikole, ndipo ikhale ndi tsiku lothera. Chifukwa mudzasainira kunja kwa dziko, iyenera kutsimikizidwa motsatira lamulo la Zambia la zikalata zosainidwa kunja. Loya wanu akuuzeni ofesi yoyenera kumeneko musanasaine, apo ayi idzakanidwa kuno. Mungaithetse tsiku lililonse polemba kalata ndi kudziwitsa onse amene anaiona.

Nditumizireni chithunzi cha pepala la malo, mndandanda wa ndalama zonse ndi masiku ake, ndi dzina la dera limene puloti ili, kuti tidziwe ngati tiyambire ku Unduna wa Malo kapena kwa amfumu.