Mwana wa zaka 14 anakafikako bwanji ku Gallipoli?

Mayi ena omwe amakhala ku Melbourne andilembera imelo sabata yathayi. Akuti mwana wawo wabwera kusukulu ndi nkhani ya Jim Martin, msilikali wa ku Australia yemwe anafera kunkhondo ali ndi zaka 14, ndiye akufunsa ngati zili zoona, komanso akuti "makolo akewo analola bwanji, analibe chisoni?"

Mayi, ndi zoona ndithu. Dzina lake lonse anali James Charles Martin, anabadwa pa 3 January 1901 ku Tocumwal ku New South Wales, kenako banja linakakhazikika ku Hawthorn, komweko ku Melbourne komwe muliko. Mwana wamwamuna anali yekhayo pakati pa alongo ake asanu. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itabuka bambo ake anapita kukalembetsa usilikali koma anawabweza, ndiye Jim anangoti basi ndipita ndine.

Pa funso lanu la makolo paja, ine mayi ake a Jim, a Amelia, sindingawaloze chala ayi. Anakana, koma mwanayo anawauza maso ndi maso kuti mukandikaniza ndithawa, ndikalembetsa ndi dzina lina ndipo simudzalandirako kalata yanga ngakhale imodzi. Inu ndinu kholo, taganizani mwana akuuzeni choncho, mumusiye asowe osadziwa komwe ali kapena musaine kuti mwina muzimva zake? Anavomera. Mu April 1915 Jim analembetsa nkunama kuti ali ndi zaka 18, ndipo anamutenga. Amene ndimawadandaula ine ndi akuluakulu olemba anthuwo, chifukwa ngakhale mwana aoneke wojintcha bwanji nkhope ya zaka 14 siibisika, kungoti iwo amafuna anthu basi.

Anamuika mu gulu la asilikali la 21st Battalion, mu June ananyamuka pa sitima ya Berrima kupita ku Egypt. Kuchoka uko anakwera sitima ya Southland kulowera ku Gallipoli m'dziko la Turkey, koma pa 2 September sitima yapansi pamadzi ya a German inaiphulitsa pafupi ndi chilumba cha Lemnos, mwanayu anakhala m'madzi maola anayi asanamuvuule. Patangotha sabata anali kale m'maenje a nkhondo ku Wire Gully, asilikali a Turkey ali cha pompo.

Chimene anthu ambiri sadziwa nchakuti Jim sanafe ndi chipolopolo. Ku Gallipoli kunali uve wosaneneka, mitembo yosaikidwa, ntchentche zochoka kuzimbudzi kukatera pachakudya, madzi operewera, ndiye kamwazi ndi tayifodi zinkagwetsa asilikali ambirimbiri. Jim anadwala tayifodi koma anapitiriza ntchito mpaka thupi linatheratu. Pa 25 October 1915 anamunyamulira pa sitima yachipatala ya Glenart Castle, ndipo maola awiri asanakwane mtima unaima. Zaka 14 ndi miyezi 9. Manda alibe, mtembo anauika m'nyanja, dzina lake lili pa chipilala cha Lone Pine ku Gallipoli komanso pa khoma la Australian War Memorial ku Canberra. Mu December chaka chomwecho asilikali onse a ku Australia anasamutsidwa ku Gallipoli, anzawo oposa 8,000 atafera komweko.

Koma pomwe pamandipweteka ine kwambiri ndi pa makalata. Mesa mayi uja analola kuti azilemberana? Jim ankalembadi, kuwauza kuti asade nkhawa ali bwino, koma makalata ochokera kwawo sankamufika, moti analemba modandaula kuti anzake akulandira iye ayi, kupempha kuti amulembereko. Kwawo ankalemba, kungoti makalatawo amasochera panjira. Mwana kudwala m'dzenje kutali ndi kwawo akuganiza kuti mwina amuiwala, abale inu.

Atamwalira, nesi wamkulu wa pasitima ija analembera mayi ake kuwafotokozera momwe mwana wawo anatsirizikira. Katundu wake wochepa anabwezedwa kunyumba, munali kabuku ka Chipangano Chatsopano ndi kansalu kapepala kofiira ndi koyera kamene anthu amaponyerana potsanzikana padoko, anakasunga kuchokera tsiku lomwe ananyamuka ku Melbourne. Mukadzapita ku Canberra ndi mwana wanuyo mukafufuze dzinalo pa khoma paja, lili pansi pa 21st Battalion.