Gogo wokamba nthanoyo, mphamvu yake ili mwa omvera

Achimwene a ku Chipoka, mwati mlongo wanu wapanga mpangankhani (munthu wopeka amene wosewera amamuyendetsa m'masewera a patebulo oponya madayisi) amene ndi gogo wokamba nthano, ndiye mwasowa chomulembera papepala poti samenya nkhondo, sanakhwime, ngakhale zeze saimba. Zimenezi zinandigweranso ine kuno ku Senga Bay, choncho mundipirire, nditalikitsako.

Ngati mukusewera Dungeons & Dragons ya 2014 ija, njira yachidule ilipo kale, ndi bard, mtundu wa mpangankhani amene mphamvu yake ili m'nyimbo ndi m'mawu. Ambiri amangoti bard ndi wa gitala, koma luso la Performance m'malamulomo limatchulanso kukamba nkhani, osati kuimba ndi kuvina kokha. Ndi Bardic Inspiration, gogo amalankhula kwa mnzake amene ali mkati mwa mapazi 60, mnzakeyo n'kulandira dayisi ya mbali 6 yoti awonjezere pa kuponya kwake kumodzi zisanathe mphindi 10. Dayisiyo imakula, mbali 8 pa levulo 5, mbali 10 pa levulo 10, mpaka 12 pa levulo 15. Akafika levulo 3 n'kusankha nthambi ya bard yotchedwa College of Lore amapeza Cutting Words, kumene ndi kumubaya mdani ndi mawu mpaka dzanja limulefuke. Ilikonso College of Spirits ya 2021 imene ili ndi mndandanda wa nthano zoponyera dayisi, koma kwa ine zija ndi matsenga wamba ongowamata dzina la nthano.

Ine ndinayamba ndi zimenezo, ndipo ndinalakwitsa. Tsiku lina magetsi atathima tinkasewera pakhonde ndi tochi ya foni. Gulu linagwidwa ndi mfumu ina yankhanza padooko, mabwato atawalanda. Mlamu wanga, amene ankasewera wokamba nthano, anakhala tsonga, n'kuyamba ya Fisi amene anasiyidwa kuti alondere mbuzi. Anakamba bwino moti mwana wa aneba anasiya kutsuka mbale n'kudzakhala pa sitepe. Atamaliza ine, monga woyendetsa masewerawo, ndinangoti, "Ponyani Performance." Inagwa 4. Ndinati mfumu yayasamula, nkhani yathera pomwepo. Mlamu sananene kanthu, koma sabata yotsatira anabwera ndi mpangankhani wa nkhwangwa.

Chimene ndinaphonya n'chakuti kwathu kuno nthano siyenda ndi munthu mmodzi. Agogo akati "Padangokhala," inu osayankha kuti "Tili tonse," amangotseka pakamwa n'kumasonkhezera moto. Dayisi ija inayesa gogo yekha, chonsecho nthano imayendetsedwa ndi omvera.

Ndiye ndinabwereka kaponyedwe ka Apocalypse World, masewera a 2010, kamene kamangofuna madayisi awiri a mbali 6. A Ludo omwewa akwanira, simuvutika kuitanitsa d20, dayisi ya mbali 20, ku Lilongwe. Wokamba akati "Padangokhala," wosewera aliyense amene akufuna amayankha "Tili tonse" n'kuika chitsekerero cha botolo pakati pa mkeka. Chitsekerero chilichonse chikuwonjezera 1, koma osapitirira 3. Wokambayo akaponya madayisi awiriwo n'kupeza 10 kapena kuposa, nthano yalowa: asankhe ziwiri pa izi, womvera aulule chimene amabisa, mkwiyo wa anthu uzizire mpaka kutacha, kapena amene anayankha aja atenge dayisi yosunga. Akapeza 7 mpaka 9 asankhe chimodzi, koma wina pagulupo wazindikira kuti Fisi akunenedwayo ndi iyeyo. Zikagwa 6 kutsika, nthano yamutembenukira, ndipo onse amene anati "Tili tonse" alowa nawo m'madzi. Apa ndiye pokoma, chifukwa kuyankha kumakhala ndi mtengo wake, munthu amayamba wayang'ana nkhope ya mfumu asanatsegule pakamwa.

Muone masamu ake. Popanda womuyankha, mwayi wofika pa 10 ndi 6 pa 36. Akamuyankha atatu umakwera kufika 21 pa 36, ndipo kugwa kwenikweni kumatsala 3 pa 36. Gogo wopanda omvera ndi wofooka kuposa aliyense patebulo, ndipo n'zoyenera kutero.

Dayisi yosungayo musaiphe ndi mphindi 10 ngati ya bard. Paja amati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Wosewera aisunge ngakhale masabata atatu, koma poigwiritsa ntchito anene chimene akukumbukira m'nthano muja. Kwathu mnyamata wina anaitulutsa bwato lawo litakumana ndi mwera pakati pa nyanja, n'kunena kuti, "Kamba sanathamange," anzake n'kuleka kupalasa mwaphuma. Tinaseka, koma inagwira ntchito.

Pankhondo nthano isaloledwe. Imafuna anthu atakhala pansi, ndipo palibe amene angati "Tili tonse" mkondo uli m'malere. Pamenepo gogo aponye mwambi umodzi wachidule, mugwiritse Cutting Words monga ilili.

Chinanso, musamukakamize mlongo wanu kukamba nthano yonse ngati ali pa siteji. Ena ndi amanyazi, ndipo malamulo asalange munthu chifukwa lilime lake ndi lolemera. Anene zitatu zokha: muli nyama yanji, inalakwa chiyani, ndipo akulasa ndani mwa omverawo. Akafuna kuikamba yonse, mpatseni mphindi ziwiri kapena zitatu, apo ayi wa nkhwangwa uja ayamba kusuzumira pa WhatsApp.

Ife timatseka monga ankatsekera agogo, wokamba amati "Kaphuleni mbatata," ena n'kuti "Yapserera," ndiye aliyense amatenga chitsekerero chake. Akaiwala kutseka, zitsekererozo zimatsala pakati ndipo usiku umenewo sangayambe ina. Mukasewera Loweruka likubwerali mudzatiuze kuti zinagwa zingati, makamaka ngati mlongo wanu anapeza omuyankha atatu.