Musadule kalikonse mu Cobra 148 yanuyo, yambani ndi ma capacitor

Achimwene ena andilembera kuti apatsidwa wayilesi yakale ya CB (yolankhulirana anthu wamba), Cobra 148 GTL, yomwe malume awo ankayendera pa thiraki. Ikuyaka, ikumvanso anthu, koma iwo akalankhula mawu akutuluka osasa ndipo singano ya mita ikungosuntha pang'ono. Munthu wina wawauza kuti adule kachipangizo kochepetsa mawu ndi kupotokola tizitsulo ta m'makoyilo kuti mphamvu ikwere, ndiye akufunsa kuti adule pati.

Achimwene, musadule paliponse. Funso limeneli limandiwawa chifukwa mawayilesi abwino ambiri sanafe ndi ukalamba, anafera m'manja mwa munthu wogwira sikurudiraiva amene maso ake ali pa mita basi. Cobra 148 GTL zakale, zija Uniden inkapanga ku Taiwan kenako ku Philippines, sizikupangidwanso, ndipo iliyonse ikawonongeka ndiye kuti yapita.

Tiyeni tiwerenge kaye. Wayilesi imeneyi anaipangira malamulo a ku America: matchanelo 40, kuchokera pa 26.965 mpaka 27.405 MHz, mphamvu ya ma watt 4 pa AM ndi 12 pa SSB, njira ziwiri zotumizira mawu. Mukaikakamiza kuchoka pa 4 kufika pa 8, mwawonjezera ma dB 3 okha (dB ndi muyeso wa kusintha kwa mphamvu). Pa mita ya mnzanu amene akukumverani, nambala imodzi ya S, yosonyeza mphamvu ya funde lomwe akulandira, ndi ma dB 6. Ndiye kuti mwatenthetsa transistor yanu kawiri kuti singano yake isunthe theka la nambala, zomwe khutu lake lingavutike kuzindikira. Kuti mukwere nambala yathunthu mufunika ma watt 16, ndipo transistor imodzi ya 2SC1969, yomwe imakankhira mphamvu ku eriyo, singapirire zimenezo pa AM.

Nanga kachipangizo akuti mudule kaja? Dzina lake ndi limiter, ndipo ntchito yake ndi kuletsa mawu kupyola 100 peresenti ya zimene funde lingasenze. Mukakachotsa, nsonga za mafunde zimaphwanyika, mawu anu amamwazikira m'matchanelo oyandikana, ndipo munthu amene ali matchanelo awiri kutali amamva phokoso lanu pomwe amene mukulankhula naye akuvutika kukumvani. Mita imakwera ndithu, chifukwa mita yotchipa imawerenga chilichonse chotuluka, zinyalala zomwe. Chimodzimodzinso ndi kakoyilo kali kufupi ndi potulukira eriyo, kamene anthu amakonda kukatambasula. Kameneko ndi msampha wogwira funde losafunika la 54 MHz, lomwe ndi 27 kuwirikiza kawiri. Mukakatambasula, ma watt owonjezera amene mukuwaonawo ali pa 54 MHz, kumene kulibe amene akukumverani. Ine ndimati amene amachita zimenezi n'kulandira ndalama sakukonza wayilesi, akuiwononga, ndipo sindibweza mawu.

Tizitsulo takuda ta m'makoyilo nato ndi ta ferrite, tosachedwa kusweka ngati phale. Sikurudiraiva yachitsulo imatiswa, kachidutswa n'kutsakamira mkati, koyiloyo osatchunikanso. Amatipotokola ndi kachida kapulasitiki, ndiponso pokhapokha muli ndi buku la wayilesiyo, ndi zida zoyezera mafunde, frequency counter ndi signal generator. Ngati mulibe zimenezi, tisiyeni momwe tilili.

Pali chinanso chimene anthu amaiwala. Mawayilesi awa amayenda m'maiko, ndipo malamulo safanana. Ku Britain analoleza CB pa 2 November 1981, koma ya FM, pa matchanelo awoawo oyambira pa 27.60125 MHz, choncho wayilesi yakale yolembedwa CB 27/81 singalankhulane ndi Cobra yanu ngakhale zonse ziwiri zili bwinobwino. Kuno kwathu za mafunde zili m'manja mwa MACRA, kafunseni kumeneko musanakweze eriyo. Ndipo za kuwonjezera matchanelo podumphitsa miyendo ya MB8719, kachipangizo kosankha matchanelo, zomwe ndikudziwa kuti wina akuuzani posachedwa, zimangokutulutsani kukakuponyani m'mafunde a eni ake.

Chimene chikudwala

Mawu osasa ndi mphamvu yofooka pa 148 yokalamba kawirikawiri amachokera ku ma capacitor a electrolytic. Mkati mwake muli madzi amene amauma zaka zikamapita, makamaka m'galimoto yokhalira padzuwa. Oyamba kufa ndi aja olembedwa 10V. Ena amatupa pamutu kapena kudontha mmunsi, koma ambiri amaoneka abwinobwino ali akufa kale, ndiye musadalire maso. Sinthani onse. Nambala ya µF ikhale yomweyo, koma ya ma volt ikwere: pamene panali 10V ikani 16V kapena 25V, makamaka olembedwa 105°C. Chotsani imodzi, ikani imodzi, ndipo musanachotse jambulani ndi foni kuti muone kumene mzere wa negative wayang'ana. Yoikidwa chozondoka imaphulika.

Mukamachita zimenezi yang'anitsitsani guluu amene anamatira zipangizo pa bolodi. Ali watsopano anali wachikasu, koma akakalamba amada ngati shuga wopserera, amayamba kudutsitsa magetsi ndi kudya miyendo ya zipangizo mpaka ibiriwire. Mupaleni yense ndi kamtengo kosongoka, mutsuke ndi isopropyl, kenako muyese mwendo uliwonse umene unali pansi pake. Resistor ina mudzaipeza yaima ndi guluu yekha, mwendo unaduka kalekale.

Musanatsegule n'komwe, onani magetsi. Wayilesiyi imafuna ma volt 13.8, pomwe mathiraki akuluakulu ambiri ndi a 24, ndiye popanda chotsitsira magetsi imapsa nthawi yomweyo. Ngati wina anasemphanitsapo mawaya a batire, diode yoteteza ili kufupi ndi polowera magetsi imafa n'kuchita shoti ndipo fyuzi iliyonse imene mungaike imapsa. Sinthani diodeyo, osamanga waya m'malo mwa fyuzi. Chingwe cha maikolofoni nachonso chimadukira mkati pakhosi pa pulagi. Chigwedezeni mukulankhula, ndipo mawu akamadukaduka dulani masentimita atatu n'kuwotchereranso. Za 148 zakale pulagi yake ndi ya mano 5, ya Cobra 29 ndi ya mano 4, musaziphatikize.

Osadina batani la maikolofoni popanda eriyo kapena dummy load, chipangizo cholowa m'malo mwa eriyo poyesa wayilesi. Dummy load mutha kupanga nokha: ma resistor 20 a 1 kΩ, a ma watt 2 iliyonse, olumikizidwa mbali ndi mbali (parallel), amapereka ma ohm 50. Asakhale aja okulungidwa ndi waya. Ngati 2SC1969 yafadi, chenjerani pogula, chifukwa Mitsubishi inasiya kuipanga ndipo zabodza zadzaza pa intaneti. Yochotsa mu wayilesi ina yakufa ndiyodalirika kuposa yatsopano yotchipa. Poimanga musaiwale kapepala ka mica ndi phala loziziritsa.

Mtunda umene mukufunawo uli pa eriyo. Eriyo ya chikoti cha mainchesi 102, pafupifupi mamita 2.6, chomangidwa pachitsulo chopalidwa penti, ndi chingwe chabwino cha RG-58, chidzakupatsani zoposa ma dB 3 aja poyerekeza ndi kaeriyo kafupi ka maginito. Yezani SWR, muyeso wosonyeza ngati eriyo ikugwirizana ndi wayilesi, pa tchanelo 1 ndi 40. Ikakwera pa 40, eriyo yatalika, ifupikitseni pang'onopang'ono, mamilimita asanu nthawi imodzi. Ikakwera pa 1, yafupika. Pansi pa 1.5 zili bwino, ikadutsa 3 siyani kulankhula mufufuze pulagi ya chingwe cha eriyo, ya PL-259, poti kawaya kamodzi ka kunja kakakhudza ka pakati, transistor mwangoika ija ipsanso.