Mwayatsa ufw, SSH yatseka: yankho kwa achimwene a ku Mchinji

Achimwene ena a ku Mchinji anditumizira imelo. Akuti amasamalira seva ya Ubuntu ya kaofesi kena ku Kasungu boma, anayatsa ufw (firewall ya Ubuntu, yomwe imasankha zololedwa kulowa mu seva) n'kulola IP yawo yokha (adiresi yawo ya pa intaneti) kulowa pa SSH (njira yolowera mu seva uli kutali), kutacha akayesa kulowa ikungolemba "Connection timed out". Funso lawo: kodi seva yafa?

Achimwene, musanakwere minibasi ya ku Kasungu werengani kaye uthengawo. Ikati "Connection refused" ndiye kuti makinawo ayankha koma palibe chikudikira pa port 22, khomo lolowera SSH, mwina sshd, pulogalamu yolandira SSH pa seva, yaima. Ikati "timed out" palibe wayankha olo pang'ono, ndipo ufw imatero ndithu, chobwera kuchokera kunja chomwe simunachilole imangochitaya mwakachetechete. Komanso seva yozima imapereka uthenga womwewo, ndiye imbirani munthu wa mu ofesimo aone ngati magetsi alipo komanso rauta ikuyaka.

Ine ndikukaikira kwambiri lamulo la IP imodzi lija. Ngati mumalowa ndi bandulo ya pafoni kapena MiFi, IP yanu siikhazikika ayi, mukazimitsa data n'kuyatsanso mutha kupatsidwa ina, ndiye firewall ikukuonani ngati mlendo pomwe ndinu yemwe uja munaika lamuloli dzulo.

Ikanakhala VPS, seva yobwereka pa intaneti, bwenzi mutalowera pa console (sikirini ya sevayo) ya pa webusaiti ya kampani yomwe munabwerekako. Koma yanuyi ili pa tebulo, ndiye pafunika munthu alumikize kiyibodi ndi monita, alowe, alembe sudo ufw status numbered akutumizireni chithunzi pa WhatsApp. Mukaona IP yakale ija, alembe sudo ufw limit 22/tcp. Limit imatsegula port koma imatseka IP yomwe yayesa kulumikiza ka 6 m'masekondi 30. Chonde musamuuze ufw disable n'kuisiya choncho, maboti, mapulogalamu oyesa kuthyola maseva, amasakasaka port 22 usana ndi usiku. Ngati muli ndi fail2ban, pulogalamu yotsekera IP yolakwitsa pasiwedi kangapo, onaninso kuti sinakubaneni, ndipo pasiwedi yomwe mwamuuza munthuyo muisinthe mukangolowa.

Mukalowa ikani ma SSH key (mafayilo a kiyi olowera popanda pasiwedi ya pa seva), muzimitse zolowa ndi pasiwedi, kenako ganizirani WireGuard, pulogalamu ya VPN (njira yotetezedwa yolumikiza kompyuta yanu ndi seva), kuti SSH izilola okhawo olowera mu VPN, pamenepo kusintha kwa IP sikudzakuvutaninso. Ndipo tsiku lililonse mukamasintha malamulo a firewall muli kutali, windo loyamba la SSH musalitseke, tsegulani lachiwiri muyese kulowa, likalowa ndiye mutseke loyamba lija.