Kodi Amlodipine Amachotsa Kashiamu m'Mitsempha?

FUNSO: Ndili ndi zaka 61 ndipo ndimamwa amlodipine chifukwa cha BP. Atandijambula mwendo pa X-ray, adokotala anati mitsempha yanga ya magazi yayamba kuuma ndi kashiamu. Mwana wanga akuti mankhwalawa amachotsa kashiamu m'mitsempha ya makoswe. Kodi kwa ine zingathekenso? Mayi wa ku Dedza.

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo sananame, koma nkhaniyi ili ndi mutu ndi mchira.

Ambiri amaganiza kuti kashiamuyu amamatirira ngati zoyera zija za m'ketulo ya madzi a pamjigo. Si choncho. Maselo a minofu ya m'khoma la mtsempha amasintha khalidwe n'kuyamba kuumba zinthu zonga fupa, pogwiritsa ntchito kashiamu ndi fosifeti. Ukalamba, shuga ndi matenda a impso zimafulumizitsa zimenezi. Thupi lili ndi mlonda wake woletsa kuuma kumeneku, puloteni yotchedwa MGP, imene imadalira vitamini K. Mu 1997 ofufuza anaona kuti mbewa zopanda MGP zinkafa zisanathe miyezi iwiri, mtsempha waukulu utauma n'kuphulika.

Pofuna kuyesa mankhwala, khoswe amamudwalitsa dala. Gulu la Pierre Moreau ku Montreal linkapatsa makoswe warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana amene amafooketsanso MGP, pamodzi ndi jakisoni wa vitamini K1. Vitaminiyu amagwira ntchito m'chiwindi kuti khoswe asafe ndi kutaya magazi, koma mitsempha saiteteza. Pakatha masabata angapo amadula mtsempha waukulu tizidutswa topyapyala n'kupaka utoto wa von Kossa. Pamene pali kashiamu pamada bii. 

Zimene anapeza n'zofunika kuzimvetsa bwino. Mankhwala a BP akayambidwa tsiku limodzi ndi warfarin, hydrochlorothiazide, irbesartan ndi amlodipine ankatchinga kuuma kuja.  Amlodipine akayambidwa mtsempha utauma kale, ankachepetsako kashiamu, koma mtsemphawo sunkafewa monga kale. Kalekale Albrecht Fleckenstein wa ku Freiburg, Germany, anaonanso kuti verapamil, mankhwala enanso a BP, amateteza mitsempha ya makoswe opatsidwa vitamini D wochuluka kwambiri.

Tsono khoswe si munthu. Mtsempha wake umauma m'masabata chifukwa cha chinthu chimodzi. Wanu wauma pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, zifukwa zake n'zingapo. Mlingo umene amapatsa khoswe, poyerekeza ndi kulemera kwake, umakhalanso waukulu kuposa wa munthu. Mwa anthu, kafukufuku wa INSIGHT mu 2001 anaonetsa kuti nifedipine, m'bale wake wa amlodipine, ankachedwetsa kuchuluka kwa kashiamu m'mitsempha ya mtima. Kuchedwetsa, osati kuchotsa.

Choncho, mayi, pitirizani kumwa amlodipine tsiku lililonse monga anakulemberani, ndipo musaonjezere mlingo mwa inu nokha: mungatupe mapazi, kuchita chizungulire n'kugwa. Mkaka ndi matemba musasiye poopa kashiamu. Mukapita kuchipatala pemphani akuyezeni shuga ndi creatinine wa impso, ndipo muwauze ngati mwendo umapweteka mukayenda kapena ngati muli ndi bala lakuphazi losapola. Ngati mumamwanso warfarin, musaleke musanakambirane ndi adokotala anu.