Kusintha magalamu kukhala ma mole

Funso: Akonzi, ndine wophunzira wa Fomu 4 ku Lizulu m'boma la Ntcheu. Kodi magalamu ndingawasinthe bwanji kukhala ma mole?

Yankho: Mole ndi muyeso wa kuchuluka kwa tizidutswa ting'onoting'ono, monga maatomu, topanga chinthu. Yambani mwapeza kulemera kwa mole imodzi ya chinthucho powonkhetsa kulemera kwa maatomu ake onse. Titenge feteleza wa Urea, CO(NH2)2, amene alimi amabereketsera chimanga: kaboni ndi 12, okosijeni ndi 16, maatomu awiri a nayitirojeni ndi 28, ndipo anayi a haidirojeni ndi 4, zomwe zikupereka magalamu 60 pa mole imodzi. Tsono ngati muli ndi magalamu 300 a Urea, mukagawa 300 ndi 60 mupeza ma mole 5, ndipo pobwerera ku magalamu muchulukitse 5 ndi 60. Chonde samalani ndi 2 amene ali kunja kwa mabulaketi, chifukwa amachulukitsa N (nayitirojeni) ndi H (haidirojeni) yemwe, ndipo apa ndi pomwe ophunzira ambiri amatayira malikisi.