Foni siigwira thupi la wodwala

Achemwali, zoti adokotala aziwaona agogo pa foni ali kunyumba chifukwa chipatala chili kutali, ine zandibaya mtima. Zinandigwera ndi mayi anga.

Ndinali ku Joni. Mwana wa mlongo wanga anandiimbira cha m'ma 6 m'mawa kuti agogo adzuka akulankhula zosamveka. Ndalama ya njinga yamoto ndinatumiza nthawi yomweyo kwa alamu anga. Iwo akuti ayi, tisavutike, kutauni kuli adokotala ena oona odwala pa WhatsApp, ungowalipira pa foni. Kwathu netiweki imagwira pachulu cha kuseri kwa khola basi. Ndiye mwana uja ankajambula agogo m'nyumba, kuthamangira pachulu kukatumiza, kutsikanso, tsiku lonse. Bambo uja sanafunse ngakhale za BP, pomwe mayi ankamwa mankhwala ake zaka ndithu. Anangoti ndi malungo, muwagulire LA ndi panado. Malungo osabaya chala kuyeza magazi?

Madzulo anawamwetsa phala, likungotsikira mbali imodzi ya kamwa mpaka chitenje chonse kunyowa. Dzanja lamanja akalikweza likudzigwera lokha ngati chinsanza. Mwana anawaika foni pakhutu, ine ndikuitana kuti amayi, amayi. Ndinamva akulimbana ndi dzina langa, lilime osatembenuka. Ndinangokhala pansi pakhonde la abwana n'kulira.

Anafika kuchipatala tsiku lachitatu, pangolo mpaka kumsewu. Anamwino anangoti ndi sitiroko, mwachedwa nawo. Lero amayenda chokoka mwendo, khasu anasiya, pomwe anali munthu wolima yekha munda wonse. Alamu aja mpaka pano amati tinayesetsa. Anayesetsa chiyani? Ndalama yanga inapita kuti? Dokotala ujanso ananditseka pa WhatsApp nditamufunsa.

Komabe foniyo musaitaye, mwina ndi yomwe ingakupulumutsireni agogo. Imbani 54747 pa Airtel, Chipatala Cha Pa Foni, n'chaulere. Chinayambira ku Balaka mu 2011, oyankha ake ndi azaumoyo ophunzira, ndipo zikakhala zoopsa amakuuzani kuti thamangani kuchipatala. Gulani kamakina ka BP ka mabatire, muphunzitse mwana mmodzi wa kusekondale aziwayeza m'mawa n'kulemba mukope. Ikamadutsa 140/90 masiku otsatizana, apite akaonedwe. Tengani nambala ya HSA (mlangizi wa zaumoyo) wa m'dera lanu, ngakhale kiliniki yawo ya m'mudzi ndi ya ana osakwana zaka 5, amadziwa msanga koitanira ambulansi.

Koma mukangoona pakamwa papotoka, dzanja lalefuka kapena mawu asokonekera, musataye nthawi kufunsa malangizo pa foni, anyamuleni kupita nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Ndalama ya ulendo muzisiyiratu kwa mwini njinga yamoto kapena kwa amayi a mvano amene mumawakhulupirira. Ine pano ndimalipiriratu mnyamata wa njinga mwezi ndi mwezi, alamu sagwiranso ngakhale tambala.